PHUNZIRO LA ZAUMOYO: DZIWANI NTHENDA MUSANADZOLE MANKHWALA

Kowerenga: Levitiko 13:1-8

Phunziro lathu la mwezi uno ndi la khungu. Ndife amayi amene timasambitsa ana, kuchapa zofunda ndi kusamalira odwala, motero ndife oyamba kuona kachilonda kapena kabanga kakatuluka pathupi la munthu wa m'nyumba mwathu. Kawirikawiri ndifenso amene timasankha chodzola.

Ndiyambe ndi zimene ndinaona kusukulu kumene ndiphunzitsa. Panali mtsikana wa Giredi 11, wanzeru ndi wokonda kuyankha mafunso. Temu yoyamba anali ndi tiziphuphu pamphumi monga achinyamata ambiri. Azakhali ake, pofuna kumuthandiza, anamugulira kachubu m'tauni, wogulitsa atawauza kuti ndi kirimu ya zonse. Masabata oyamba nkhope inasalala ndi kuwala, anzake nkumamusirira. Pofika temu yachitatu masaya anali ofiira, khungu litapyapyala, ziphuphu zitachuluka kuposa kale. Akayesa kuleka kudzola, nkhope inali kutentha ngati apakapo tsabola. Analeka kukweza dzanja m'kalasi, kenaka anayamba kujomba. Amayi ake atapita naye kuchipatala pamodzi ndi kachubu kaja, zinadziwika kuti munali clobetasol, mankhwala amphamvu kwambiri amene sayenera kudzoledwa kumaso popanda dokotala. Panapita miyezi kuti nkhope ibwerere, ndipo maphunziro a temu yonse anatayika. Chimene chinandiwawa mtima ndi chakuti tiziphuphu toyamba tija tinali ndi mankhwala ake enieni, osadula nkomwe.

Mfundo ya phunziro lathu ndi iyi: matenda ambiri a khungu amene makolo athu anangopirira nawo lero ali ndi mankhwala, koma nthenda iliyonse ili ndi ake. Kirimu ya zonse kulibe. M'ndime imene tawerenga, wansembe sanali kuthamangira kugamula. Anali kuyang'anitsitsa banga, akakayika nkudikira masiku 7, nkuyang'ananso, chifukwa si banga lililonse linali khate. Ifenso tiyambe taona bwino ndi kufunsa odziwa. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Nkhaniyi si yathu yokha. Mu May 2025 msonkhano waukulu wa bungwe la zaumoyo la dziko lonse, WHO, unagwirizana kuti matenda a khungu aikidwe pakati pa mavuto ofunika kuwasamalira msanga m'maiko onse. Tiyeni tione amene timakumana nawo kwambiri.

1. MPHERE

Mphere zimayamba ndi kachilombo kakang'ono kosaoneka ndi maso, kamene kamaboola khungu ndi kuikira mazira m'kati mwake. Zimayabwa kwambiri usiku, makamaka pakati pa zala, m'mikono, m'khwapa, m'chiuno ndi kumatako. WHO imati nthawi iliyonse anthu osachepera 200 miliyoni padziko lapansi ali ndi mphere, ndipo mu 2017 inaziika pa mndandanda wa matenda a m'maiko otentha amene anyalanyazidwa.

Tichotse maganizo akuti mphere ndi za anthu auve. Kachilomboka kamayenda pamene khungu likhudzana ndi khungu kwa nthawi, monga ana akagona pabedi limodzi. Mwana wa kumayadi angazitenge kusukulu yogonera komweko mofanana ndi mwana wa m'komboni. Sopo yekha sazipha. Ndipo tisazipeputse. Mwana akamakanda, zilonda zimalowa tizilombo tina nkuchita mafinya, ndipo tizilomboto tingathe kuononga impso, mwana nkuyamba kutupa kumaso ndi kukodza mkodzo woderapo ngati tiyi.

Ambiri a ife tikumbukira mankhwala oyera ngati mkaka aja otchedwa benzyl benzoate, amene anali kutilizitsa tili ana chifukwa cha kutentha. Akadalipo ndipo amagwira ntchito, koma kwa ana amayenera kusungunulidwa monga auzira a chipatala. Palinso kirimu ya permethrin imene siwawa kwambiri. Imadzoledwa thupi lonse kuyambira m'khosi kufika kumapazi, osati pamene payabwa pokha, nkuisiya usiku wonse, maola osachepera 8, nkubwerezanso patapita masiku 7.

Chosintha chachikulu ndi mapiritsi a ivermectin. Amene anatulukira mankhwalawa, Satoshi Ōmura wa ku Japan ndi William Campbell, analandira mphoto ya Nobel mu 2015. Chaka chomwecho kunatuluka zotsatira za kafukufuku wa pa zilumba za Fiji, kumene anthu a dera lonse analandira mankhwala nthawi imodzi. Poyamba, mwa anthu 100 alionse 32 anali ndi mphere. Patapita chaka anatsala 2 okha. Mu 2019 WHO inaika ivermectin pa mndandanda wa mankhwala ofunika ochizira mphere. Mlingo wake umatsata kulemera kwa munthu, ndipo amamwedwa kawiri, motalikirana sabata imodzi kapena awiri, chifukwa sapha mazira. Mayi wapakati ndi mwana wosafika makilogalamu 15 sapatsidwa.

Phunziro la ku Fiji ndi la m'nyumba mwathu momwe. Munthu akatenga mphere koyamba, pamapita masabata 4 mpaka 6 asanayambe kumva kuyabwa, koma nthawi yonseyo angathe kupatsira ena. Nchifukwa chake kuchiza mwana mmodzi yekha sikuthandiza. Onse a m'nyumba alandire mankhwala tsiku limodzi: bambo, agogo, mlendo, ndi mtsikana wantchito yemwe. Zovala ndi zofunda zichapidwe ndi madzi otentha, ziyanikidwe padzuwa ndi kusitidwa. Zosachapika zimangidwe m'thumba la pulasitiki kwa sabata imodzi. Kuyabwa kungapitirire masabata 2 mpaka 4 tizilombo titafa kale, choncho musafulumire kunena kuti mankhwala alephera.

2. ZIPERE

Zipere zimayamba ndi tizilombo ta mtundu wa fangasi. Ana amapatsirana kudzera m'zipeso, zipewa, matawulo ndi makina ometera osatsuka. Chipere cha pathupi chimamva kirimu monga clotrimazole kapena miconazole, ikadzoledwa mokhulupirika kwa masabata angapo. Koma cha m'mutu sichimva kirimu yokha, chifukwa fangasi amakhala m'kati mwa tsitsi ndi kumizu yake. Chimafuna mankhwala akumwa: griseofulvin kwa masabata 6 mpaka 8, kapena terbinafine amene nthawi zambiri amatenga masabata 4. Chikachedwa kuchizidwa chingatupe ndi kuchita mafinya, nkusiya dazi losameranso tsitsi. Chonde amayi, tileke kupaka ana mafuta a mabuleki a galimoto, madzi a m'batire kapena mankhwala otsukira mano. Izi zimaotcha khungu, fangasi nkutsala.

Pano pali chenjezo latsopano. Pali makirimu osakaniza, amene m'chubu chimodzi muli mankhwala a fangasi pamodzi ndi mankhwala amphamvu a gulu la steroid monga betamethasone kapena clobetasol. Steroid amaletsa kuyabwa ndi kufiira msanga, munthu nkuyesa kuti wachira, koma amafooketsa chitetezo cha khungu, fangasi nkufalikira mwakachetechete. Ku India, kumene makirimu otere anagwiritsidwa ntchito kwambiri, kunabuka mtundu wa chipere umene kawirikawiri sumva terbinafine. Unapatsidwa dzina lakuti Trichophyton indotineae mu 2020, ndipo wapezeka kale m'maiko ambiri. Umafuna mankhwala ena otchedwa itraconazole kwa nthawi yaitali. Taonani, mankhwala abwino angathe kutha mphamvu chifukwa cha kagwiritsidwe kathu.

3. CHIKANGA

Chikanga, chimene madokotala amati eczema, ndi khungu louma ndi loyabwa, makamaka kuseri kwa maondo, m'kati mwa zigongono ndi m'masaya mwa makanda. Sichipatsirana. Chimayenda m'magazi a banja pamodzi ndi mphumu, ndipo kuno ku Lusaka chimakula m'miyezi yozizira ndi youma ya June ndi July.

Maziko a chithandizo ndi osavuta: kusamba madzi ofunda osati otentha, kupewa sopo wonunkhira, ndi kudzola mafuta opanda fungo monga Vaseline kangapo patsiku, makamaka mukangotuluka m'bafa. Chikabuka, a chipatala amapereka steroid wofatsa monga hydrocortisone kwa masiku owerengeka. Apa tione bwino: steroid si woipa mwa iye yekha. Choipa ndi kudzola wamphamvu, pamalo olakwika, kwa miyezi, popanda wokuyang'anirani.

Kwa amene chikanga chawo ndi chachikulu kwabwera mankhwala atsopano. Mu 2017 dziko la America linavomereza jekeseni wa dupilumab, amene amatseka njira yeniyeni imene chitetezo cha thupi chimadzutsira kuyabwa ndi kutupa, ndipo mu 2022 linavomereza mapiritsi a upadacitinib ndi abrocitinib. Ndinene zoona, awa ndi odula kwambiri. Dupilumab atangotuluka, mtengo wake unali madola 37,000 pachaka. Koma ana ambiri sawafuna nkomwe. Mafuta ndi chisamaliro cha tsiku ndi tsiku zimakwanira.

4. ZIPHUPHU NDI MAFUTA OYERETSA KHUNGU

Ziphuphu zimabwera pamene timabowo ta khungu tatsekeka ndi mafuta a m'thupi, makamaka pa msinkhu wa kutha msinkhu. Si chizindikiro cha uve kapena cha khalidwe loipa, ndipo tisanyoze ana athu nazo. Mankhwala odzola a benzoyl peroxide ndi adapalene amathandiza ambiri, koma amafuna kuleza mtima kwa miyezi 2 kapena 3. Ziphuphu zazikulu zosiya zipsera zili ndi mapiritsi a isotretinoin, amene amapereka ndi dokotala yekha, chifukwa amapundula mwana wosabadwa. Mayi wapakati kapena amene afuna kutenga pakati anene msanga asanalandire mankhwala alionse a ziphuphu. Pa khungu lathu lakuda, chiphuphu chikaphulitsidwa chimasiya banga lakuda, ndipo mabanga amenewa ndiwo amakokera atsikana ambiri ku mafuta oyeretsa.

Tilankhule momasuka, pakuti tili tokhatokha. Mafuta amenewa sali kwa atsikana okha. Ali m'zikwama zathu, amagulitsidwa pa tuntemba, m'masaluni ndi pa WhatsApp, ena atasakanizidwa kale m'kabotolo kopanda dzina. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Nthawi zambiri mumakhala chimodzi mwa zinthu zitatu izi.

Choyamba ndi steroid wamphamvu. Amapyapyalitsa khungu, mitsempha nkuonekera, amabweretsa mizere pamikono ndi m'ntchafu, ziphuphu, zipere ndi tsitsi kumaso. Chilonda chimachedwa kupola, ngakhale cha opaleshoni. Akadzoledwa thupi lonse kwa nthawi yaitali amalowa m'magazi, nkukweza shuga ndi BP.

Chachiwiri ndi hydroquinone. Amayeretsa poyamba, koma patapita zaka amasiya zigamba zakuda bii m'masaya ndi pamphumi zimene zimavuta kwambiri kuchotsa. Madokotala a ku South Africa analemba za vutoli mu 1975, ndipo dzikolo linaletsa hydroquinone m'zodzola mu 1990. Maiko ena monga Côte d'Ivoire, Ghana ndi Rwanda nawonso anaika malamulo oletsa.

Chachitatu ndi mercury, poizoni amene amaononga impso ndi minyewa, ndipo amafika kwa mwana ali m'mimba. Pangano la maiko la Minamata, limene Zambia inalowamo, linagamula mu 2023 kuti zodzola zonse zothiramo mercury zithe pofika 2025. Komabe lamulo silingalowe m'chikwama cha munthu. Tiyenera kusankha tokha.

Ngati mwadzola mafuta otere kwa miyezi kapena zaka, musachite manyazi, ndiponso musaleke mwadzidzidzi muli nokha kunyumba, chifukwa khungu lozolowera steroid limabuka moopsa. Tengani botolo lanu mupite nalo kuchipatala, akuthandizeni kuchepetsa pang'onopang'ono. Ndipo tisamale malilime athu. Tikamayamikira khanda kuti labadwa loyera bwino, kapena mkwatibwi kuti wawala, mtsikana wakuda amene waima pambali amamva, ndipo amaphunzira.

5. MABANGA OYERA

Banga loyera limaopsa anthu, koma mitundu yake ndi yosiyana. Pali nthenda yotchedwa vitiligo, pamene khungu limataya mtundu wake nkukhala loyera mbee, kawirikawiri kuzungulira maso, pakamwa ndi m'zala. Siipatsirana, si khate, si ufiti, ndipo si chifukwa cha chimene munthu anadya. Mu 2022 ku America kunavomerezedwa kirimu ya ruxolitinib, yoyamba kuvomerezedwa kuti ibwezere mtundu wa khungu. Pa kafukufuku, pafupifupi theka la odzola anaona mtundu wambiri wa kumaso utabwerera patapita chaka. Nayonso ndi yodula, koma ionetsa kuti nthendayi ili ndi chiyambi chodziwika m'thupi.

Khate ndi lina. Banga lake limakhala lotuwa kapena lofiirira, siliyabwa, ndipo lilibe mphamvu ya kumva. Mukalikhudza ndi thonje munthu atatsinzina, samva kanthu. Akuluakulu akumbukira masiku amene odwala khate anali kutumizidwa ku Liteta nkukhala zaka kutali ndi abale. Masiku amenewo anapita. Khate limachizika ndi mankhwala atatu ophatikiza, rifampicin, dapsone ndi clofazimine, kwa miyezi 6 kapena 12, wodwala ali kwawo. Kuyambira 1995 mankhwalawa amaperekedwa ulere padziko lonse kudzera ku WHO. Munthu akayamba kumwa saperekanso nthendayi kwa ena, ndipo akafika msanga zala sizipunduka. Mu 2018 WHO inalangizanso kuti okhala pafupi ndi wodwala apatsidwe rifampicin kamodzi kokha kuti atetezedwe. Chimene chimapundula anthu lero ndi kubisa chifukwa cha mantha a kusalidwa, ndipo mankhwala a kusala ali m'manja mwathu.

6. ABALE ATHU ACHIALUBINO

Khungu la munthu wachialubino lilibe chotchinga dzuwa, motero mdani wake wamkulu ndi khansa ya khungu. Woimba wathu John Chiti, amene anayambitsa bungwe la Albinism Foundation of Zambia, wakhala akulankhula za ichi kwa zaka zambiri. Chitetezo chiyambe mwana ali wakhanda: chipewa cha khonde lalikulu, malaya a manja aatali, mthunzi masana, ndi mafuta otchinga dzuwa a SPF 50 tsiku lililonse. Mu 2025 WHO inaika mafutawa pa mndandanda wa mankhwala ofunika, kusonyeza kuti kwa abale athuwa si zodzikongoletsera ai. Kabanga kokhakhala kapena kachilonda kosapola kakaonedwa msanga kamachotsedwa mosavuta. Kakachedwa, ulendo umakhala wa ku Cancer Diseases Hospital, pafupi ndi UTH. Ngati mumpingo mwanu muli mwana wotere, chipewa ndi botolo la mafuta ndi mphatso yoposa zambiri. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

7. TIPITE KUTI?

Yambani pa kiliniki ya kwanu, monga ya Kabwata kapena ya Chelstone, kapena pa chipatala cha Chilenje kwa a ku Woodlands ndi madera oyandikira. Zikavuta adzakulemberani kalata ya ku UTH kumene kuli madokotala a khungu. Popita nyamulani machubu ndi mabotolo onse amene mwadzola, ndipo nenani zoona, ngakhale za mankhwala achikuda. Tsiku limenelo musadzole kanthu, kuti aone khungu monga lilili. Pogula mankhwala pitani ku sitolo ya mankhwala ya chilolezo cha ZAMRA, bungwe la boma loyang'anira mankhwala. Werengani zolembedwa pa chubu. Mukaona clobetasol kapena betamethasone koma dokotala sanakulembereni, bwezani.

Musadikire konse mukaona izi: chilonda chosapola patapita mwezi, banga losamva kukhudza, matuza opweteka otsata mzere mbali imodzi ya thupi, amene ndi mashingozi ndipo mankhwala ake a aciclovir amathandiza kwambiri akayambidwa m'masiku 3 oyamba, zotupa zakuda kapena zofiirira m'miyendo ndi m'kamwa, khungu kusupuka kapena milomo kuchita zilonda mutayamba kumwa mankhwala atsopano, ndiponso mwana wa zilonda amene watentha thupi kapena watupa kumaso. Nthenda ya khungu ikamabwerabwera, ndi nzeru kuyezetsa HIV ndi shuga. Tonse tiona mmene ma ARV achepetsera zilonda ndi zotupa zimene zinali kutilanda abale m'zaka za m'ma 1990.

MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Mwana mmodzi wapezeka ndi mphere m'nyumba ya anthu 7. Fotokozani zonse zimene mayi ayenera kuchita sabata yoyamba ndi yachiwiri.

2. Nchifukwa ninji kirimu imene imaletsa kuyabwa msanga ingakhale yoopsa pa chipere?

3. Ndi mawu otani amene timanena m'nyumba, pa chilanga mulilo kapena pa ukwati amene angachititse mtsikana kuda khungu lake?

4. Mnzathu wa m'Chigwirizano waonongeka nkhope ndi mafuta ndipo waleka kubwera ku misonkhano. Tingamufikire bwanji osamuchititsa manyazi?

ZOCHITA SABATA INO

Mukafika kunyumba tsegulani kabati ndi chikwama, mutulutse machubu onse. Werengani dzina la mankhwala pa chilichonse, ndipo dzifunseni kuti anakupatsani ndani, ndi chifukwa cha nthenda iti. Madzulo posambitsa ana kapena adzukulu, yang'anani m'mutu ndi pakati pa zala. Amene muli ndi atsikana a sekondale, khalani nawo pansi muwafunse mofatsa chimene adzola kumaso. Mtsikana uja wa Giredi 11 akanakhala ndi womufunsa temu yoyamba, sakanataya temu yachitatu.

Potseka msonkhano, mmodzi atsogolere pemphero lokumbukira odwala matenda a khungu amene adzitsekera m'nyumba chifukwa cha manyazi, ndi anamwino ndi madokotala amene amawasamalira. Ambuye akudalitseni nonse.